Mpendero wa Sitampa ya a Zikhale

"Ndani wang'amba mpendero wa sitampa yangayi?"

A Nasoni Zikhale anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu wopempha mchere patebulo. Linali Lamulungu masana, atangofika kuchokera kutchalitchi, tayi asanamasule n'komwe. Anaima pafupi ndi tebulo lawo la pawindo, kapani kachitsulo kali m'manja, ndipo kunsonga kwa kapaniko kunali sitampa ya mbalame yamutu wofiira.

Mayi Bernadetta, akazi awo, anapitiriza kumasula duku. Zelifa, mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi, anayang'ana nsapato zake ngati wangozigula kumene.

Kwa munthu wamba sitampayo inali bwinobwino. Mbalame inalipo, mano onse a m'mbali analipo. Koma a Zikhale, amene anagwira ntchito kupositi zaka makumi atatu asanapume, sankatolera masitampa wamba. Masitampa amasindikizidwa ambirimbiri papepala limodzi lalikulu, ndipo pepalalo limatsala ndi malo oyera m'mphepete. Malo amenewa iwo ankawatcha mpendero. Penapake pampenderopo osindikiza amaikapo tinambala ta puleti, chitsulo chimene asindikizira. Papepala lonselo sitampa imodzi yokha ndi imene imagundana ndi tinambalato, ndipo imeneyo, ili ndi kampendero kake, ndi imene a Zikhale ankaisaka. Ukaichotsa mpendero yasanduka ngati zinzake, yongomata pa envulopu.

"1B," anatero akuitembenuza pakuwala. "Kusindikiza koyamba. Ndinaikwerera basi mpaka ku Karonga, iwe Zelifa usanabadwe. Dzulo ndinangoitulutsa mu alubamu kuti ndiisinthire tsamba."

Anadikira. Kunja galu wa oyandikana nawo anauwa kawiri n'kusiya.

"Chabwino. Wachita izi akudzidziwa. Ngati ndi wa m'nyumba muno, tikambirana. Ngati ndi wakunja, geti langa aliiwale."

"Kodi dzulo kunabwera alendo angati?" anafunsa mayi Bernadetta, maso ali kudenga.

Mlendo anali mmodzi: Gladson, bwenzi la Zelifa. Panapita chaka ndi miyezi inayi a Zikhale asanalole kuti mnyamatayo achoke pakhonde n'kukhala pasofa, ndipo Loweruka likubweralo amalume ake amayenera kufika ku Area 47 kudzaonana ndi amalume a Zelifa ochokera ku Nathenje. Makatani atsopano anali atagulidwa kale.

"Gladson ndinamusiya pano mphindi khumi zokha, ndikulankhula ndi okonza mapaipi," anatero a Zikhale. "Komanso uja ndi mphunzitsi wa sekondale. Munthu wophunzira sangachite zotere."

Zelifa anali ndi digiri, ndipo anthu ophunzira ankawadziwa ambiri. Anatola foni yake n'kutulukira khomo lakuseri.

* * *

Ali pansi pa mtengo wa mapeyala, analemba meseji.

*Dzulo unagwira chiyani patebulo la adadi?*

Yankho silinachedwe. *Palibe. Bwanji?*

*Ganiza bwino.*

*Ndinangowakonzera buku lawo lalikulu lija. Tsamba lina linang'ambika. Usawauze, ndikufuna adzionere okha.*

Zelifa anawerenga kawiri, kenako anaimba.

"Unamata ndi chiyani?"

"Moni kaye, mayi."

"Gladson, unamata ndi chiyani?"

"Ndi kapepala koyera ka m'mphepete mwa sitampa. Kamakhala ndi guluu kale, umangonyambita. Bambo anga ankamatira timeneti buku lawo la nyimbo, mpaka lero likadali lolimba. Usadandaule, ndinang'amba potsata timabowo. Sitampayo sindinaiwononge ngakhale dzino limodzi."

Mawu ake anali a munthu amene akudikira kuyamikiridwa. Zelifa anatseka maso.

"Unanyambita."

"Eya."

"Sitampa imeneyo m'nyumba muno ndi mkulu wanga. Wanyambita mkulu wanga."

Anamufotokozera zonse: nambala, Karonga, ndi za geti.

"Ndikubwera pompano ndidzapepese," anatero Gladson pomaliza.

"Ukabwera pompano uthera pageti, ndipo amalume ako Loweruka adzathera pomwepo."

"Ndiye titani?"

"Iwe usatani kanthu. Wachita zokwanira. Mawa folo koloko tikumane mtauni."

Atabwerera m'nyumba anapeza bambo ake atakhala pampando, alubamu ili pamiyendo. Buku lija linali pakona ya tebulo, lisanatsegulidwe. Inali katalogi, buku lonenepa lachingerezi lolembedwera anthu a masitampa okhaokha. Munali sitampa iliyonse, kuti inasindikizidwa kangati, ndi nambala zonse za mapuleti zodziwika. Zimene anali nazo, a Zikhale ankazichonga ndi pensulo. Baibulo la m'nyumbamo linkaoneka latsopano poyerekeza ndi bukuli.

"Adadi, katalogi yanuyi yatha," anatero Zelifa akuinyamula. "Alendo a Loweruka adzaione ili chonchi? Mawa ndipita nayo mtauni akaisoke bwino."

A Zikhale anamuyang'ana mwana wawo ndi maso oyamikira, ndipo zimenezi zinamupweteka Zelifa kuposa mmene ankayembekezera.

"Wandiganizira bwino. Koma uwauze asadule m'mphepete. Anthu osoka mabuku amakonda kudula m'mphepete."

* * *

Lolemba anakumana m'kalesitilanti ka pafupi ndi msewu wa Malangalanga. Gladson anali atafika kale, malaya ositidwa, nkhope ya munthu amene waitanidwa kwa ahedi. Zelifa anakankhira mabotolo a fanta kumbali n'kutsegula bukulo.

Tsamba 86 linang'ambika kuchokera pamwamba kufika pakati, ndipo pong'ambikapo panali kapepala koyera, komatidwa mowongoka ngati ndi rula. Pakapepalapo panali 1B kanayi: wakuda, wofiira, wachikasu ndi wabuluu.

"Ine ndinkayesa ndi zizindikiro za kufakitale," anatero Gladson.

"Ndi zizindikiro za kufakitale. Nkhani yonse ndi imeneyo."

"Tikakaika panthunzi kamatuka."

"Kakamatuka ukabwezera bwanji pasitampa? Usoka ndi singano?"

Gladson anapukusa mutu. Zelifa anatseka bukulo n'kuimirira. "Tiye. Pali munthu mmodzi amene angakhale nayo ina."

A Lawford anali mnzawo wakale wa a Zikhale wa kupositi. Tsopano anali ndi kashopu ka mapepala ndi zolembera pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo kuseri kwa kauntala kunali madirowa a masitampa amene sankawaonetsa aliyense wobwera kudzagula bolopeni.

"Mwana wa Nasoni," anatero akutsitsa magalasi. "Awa ndi akamwini kapena onyamula katundu?"

"Zitengera Loweruka, ankolo."

Ataona tsamba 86, a Lawford anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakoka mpando n'kukhala kuti aseke bwino.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumunyengerera Nasoni kuti andipatseko 1B imeneyi. Ndinamulonjeza masitampa a nsomba onse, anakana. Inu achimwene mwangofika n'kuithira malovu."

"Ndinkafuna kuthandiza, bambo," anatero Gladson.

"Ndikuona. Mwamata bwino kwambiri."

"Muli nayo ina?" anafunsa Zelifa.

A Lawford anatembenuzira bukulo kwa Gladson n'kuloza ndi chikhadabo. "Werengani apa, poti ndinu aphunzitsi. Mbalame imeneyi anaisindikiza kawiri. Koyamba nambala anaiika pansi. Kachiwiri, patapita zaka, anaiika kumbali, kudzanja lamanja. Ya kumbali ndili nayo, tengani ngakhale ziwiri. Koma ya pansi, mzere uwu ukuti chiyani?"

Gladson anatsata ndi chala. "Ukuti puleti inawonongeka msanga. Mapepala ochepa okha ndi amene anatuluka."

"Basi. M'dziko muno ine ndinaionapo imodzi, ndipo ndi iyi mwaigawa pawiriyi."

Zelifa anayang'ana madirowa aja. "Maso a adadi afooka masiku ano."

"Nasoni akhoza kuiwala tsiku limene unabadwa," anatero a Lawford. "Koma zoti nambala ili pansi kapena kumbali, adzakuuza ali m'bokosi. Usayese, mwana wanga. Ndipo ine simunandione."

Anatsika masitepe. Panja anthu anali pikitipikiti kulowera kumlatho, oitanira minibasi akukuwa mayina a madera. Zelifa anamukokera Gladson pakhonde la sitolo ina.

"Mvera. Bukuli likhala kwa osoka mabuku mpaka Lamulungu. Ankhoswe akagwirana chanza, adadi sangabweze mawu pamaso pa amalume. Adzakwiya mwezi umodzi, ndiyeno adzatopa. Ndimawadziwa."

"Ndiye ndikalowe m'banja mwanu chobisalira?"

"Ukalowe kaye. Zobisalirazo tidzakonza uli m'kati."

Gladson anayang'ana chikwama cha Zelifa. "Ndibwereke bukulo."

"Ukalitani?"

"Ndikufuna ndidziwe chimene ndawononga."

Zelifa anamupatsa. "Osakamata china chilichonse."

* * *

Lachitatu madzulo, Zelifa ali pasiteji ku City Centre, galimoto yotuwa inaima patsogolo pake ndipo galasi linatsika pang'onopang'ono, mwaulemu wa galimoto zodula.

Anali Clifton, wa kubanki, mwana wa mnzawo wa mayi Bernadetta wa ku Area 9. Chiyambire Januwale, Clifton ankadutsa ku Area 47 katatu pamlungu, nthawi zonse akunena kuti amangodutsa, ngakhale kuti msewu wa kwa a Zikhale umathera pampanda.

"Lowa, Zee. Ndikupita komweko."

Mzere wa minibasi unali wautali, nsapato zinali zazitali, ndipo Zelifa sankaopa galimoto ya munthu. Analowa.

"Anti andiuza za ngozi ya ankolo," anatero Clifton atangolowa mumsewu waukulu.

"Amayi amakuuzani zambiri."

"Amandidalira. Komatu nkhaniyo yatha. Ndalankhula ndi munthu wina ku Joni, mawa m'mawa ifika pandege."

"Ifika chiyani?"

"1B. Ndinangolemba pa intaneti kuti mbalame yamutu wofiira, 1B, inatuluka pompo. Zinthu izi sizovuta, Zee. Anthu amangozivutitsa."

"Nambalayo ili pati?"

"Pasitampa."

Zelifa anayang'ana kunja. Mitengo ya jakaranda inali itayamba kugwetsa maluwa m'mbali mwa msewu.

"Nanga mwana wa a Davison ali bwanji?" anafunsa Clifton. Dzina la Gladson ankalidziwa bwino lomwe. "Bambo ake anatilondera zaka khumi ndi ziwiri, ukudziwa? Munthu wokhulupirika kwambiri. Sitinasowepo ngakhale supuni. Gladson ankabwera Loweruka kudzawapatsira chakudya, ine ndinkamubwereka njinga yanga."

"Ndiye kuti banja lawo mukulidziwa kale kuti ndi labwino. Mwandichepetsera ntchito."

"Sindikunyoza, Zee. Ndikungoti pali zinthu zina munthu amakula nazo. Mwana wokulira m'nyumba ya mabuku sagwira zinthu za patebulo la eni ake."

"Ndani wanena kuti anagwira?"

Clifton anamwetulira. "Palibe. Anti anangowerenga alendo."

Pageti, Zelifa anatsika n'kuthokoza. Clifton anati apereke moni kwa anti, ndipo awauze kuti mawa abwera cha m'ma folo. Galimoto isanakhote n'komwe, foni ya Zelifa inalira.

*Ndaona kuti masiku ano minibasi sukukwera.*

*Wandiona kuti?*

*Ndinabwera kudzakuchingamira. Ndinali tsidya lina la msewu.*

*Ukanakweza dzanja.*

*Linali ndi buku la abambo ako.*

Zelifa anaseka yekha, kenako anasiya, chifukwa meseji ina inali italowa.

*Mawa ndikubwera kwanuko. Ndidzawauza.*

*Usayerekeze. Masiku atatu okha, Gladson.*

*Amalume achoke ku Mitundu atavala jekete la ukwati wawo, adzakhale pasofa ija n'kumanditamanda kuti ndine mwana wolongosoka, abambo ako akugwedeza mutu? Ayi.*

*Mawa Clifton akubweretsa sitampa ina. Ukabwera udzaoneka ngati chiyani?*

*Ngati amene anang'amba.*

Anamuimbira katatu. Sanayankhe.

* * *

M'nyumba anapeza mayi ake atakwera pampando, akupachika makatani atsopano aja.

"Gwira uku," anatero mayi Bernadetta. "Ndamva galimoto ya Clifton."

"Ndithu mwaimva. Munaiitana ndinu."

"Ine ndinangomufotokozera kuti ankolo ake sakudya bwino. Mwana wa eni ake wachita chimene angathe." Analowetsa mbedza ina. "Buku lija lili kwa osoka ati?"

"Mtauni."

"Mtauni ndi mwamukulu."

Zelifa anakweza nsaluyo.

"Ine sindinena kanthu kwa abambo ako," anapitiriza mayiwo. "Si ntchito yanga. Koma ndikuuze, Zelifa. Gladson sindimudana naye. Ndi mwana waulemu, amavula nsapato pakhomo ngakhale utamuletsa. Kungoti ine ndinakwatiwa ndi munthu wabwino koma wosauka, wochokera kutali, ndipo ndikudziwa kutalika kwa ulendowo. Nyumba ino tinalowamo iwe uli Sitandade 6. Zaka zonse zam'mbuyozo unali wamng'ono, sukuzikumbuka. Ine ndikuzikumbuka."

"Munadandaulapo?"

"Kawiri pamlungu."

"Koma simunachoke."

"Ndinalibe Clifton pageti." Anatsika pampando n'kuyang'ana ntchito yawo. "Yapendekeka mbali yakoyo."

* * *

Lachinayi Zelifa anaweruka msanga, koma Clifton anali atamuyambirira. Anamupeza pasofa, mwendo pamwamba pa unzake, tiyi ali patsogolo pake m'makapu amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha. Patebulo la pawindo panali envulopu yolimba yotsegulidwa, ndipo a Zikhale anali atawerama ndi galasi lawo lokuzira zinthu.

"Bwera udzaone, Zelifa," anatero mayi Bernadetta. "Yachokera ku Joni m'mawa womwe uno."

Sitampayo inali yokongola ndithu, mbalame yowala ngati yasindikizidwa dzulo, mpendero uli woyera. A Zikhale anangoitembenuza ndi kapani, kenako anatambasula dzanja kukona ya tebulo kumene katalogi inkakhala. Dzanjalo linagwira thabwa.

Nthawi yomweyo kunamveka kugogoda pageti, kwa munthu wogogoda ndi kamwala.

Gladson analowa atavula nsapato, jumbo ili kukhwapa. Anapereka moni kwa aliyense motsatira msinkhu, mpaka kwa Clifton, amene anayankha kuti, "Aphunzitsi," osachotsa mwendo pamwamba pa unzake. Zelifa anamuyang'anitsitsa ndi maso onena kuti nthawi yobwerera ikadalipo. Gladson anayang'ana kumbali, n'kutulutsa katalogi mujumbomo.

"Bukuli lili kwa osoka," anatero a Zikhale.

"Silinapiteko, bambo. Linali kwa ine." Gladson sanakhale pasofa. Ananjuta pafupi ndi tebulo, natsegula tsamba 86, n'kulipereka ndi manja awiri. "Sitampa yanu ndinang'amba ndine. Ndinaona tsamba long'ambika, ndinaona kapepala komatira, sindinafunse. Ndinkayesa ndikukuthandizani. Tsopano ndawerenga, ndadziwa chimene chinali. Sindingaibweze. Ndabwera kuti mumve kwa ine amalume asanafike."

Clifton anasiya kutakasa tiyi wake.

A Zikhale anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anaika galasi pa tinambala tinayi tija, kamodzikamodzi, ngati munthu wozonda wodwala amene madokotala amutaya kale. Anayendetsa chala m'mbali mwa kapepalako.

"Tsamba ili linang'ambika chaka chatha," anatero. "Ndinkaopa kulimata ndi selotepi. Selotepi imadya pepala."

Palibe amene anadziwa ngati kumeneko kunali kuyamikira.

"Ankolo, zapita zapita," anatero Clifton mokoma mtima. "Chachikulu n'chakuti malo aja adzadza. Aphunzitsi sankadziwa. Si onse anakula nazo zinthu izi."

A Zikhale anatola galasi lija n'kumupatsa Gladson. "Mwati mwawerenga. Taonani mphatso ya a Clifton. Mukuona chiyani?"

Gladson anawerama. Anayang'ana sitampayo, anayang'ana Clifton, n'kubwezera maso pasitampa.

"Ndi yokongola, bambo."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndi yeniyeni. Mano onse alipo, guluu sanakhudzidwe."

"A Gladson."

Gladson anapumira m'mwamba. "Nambala ili kumbali, bambo. Ndi ya kusindikiza kwachiwiri. Yanu inali ndi nambala pansi. Komanso kufiira kwa mutuwu n'kowala, pamene bukuli likuti koyamba kunali kodera. Ili patsamba lotsatira, ndipo munaichonga kale."

"Kangati?"

"Katatu."

"Koma 1B ndi 1B, ankolo," anatero Clifton, mwendo uja utatsika.

"Inde, monga Banda ndi Banda," anatero a Zikhale. "Zikomo, a Clifton. Mwavutika, ndipo ndiisunga. Ikhala yachinayi."

Mayi Bernadetta anaika thireyi pansi mwamphamvu pang'ono. "Ine za masitampa sindinaphunzire, abambo a Zelifa. Koma ndikuona kuti m'nyumba muno wina wabweretsa, wina wawononga. Musandiuze kuti wowonongayo wapambana chifukwa waloweza buku masiku atatu."

"Sindinanene kuti wina wapambana."

"Munanena za geti. Lamulungu, pomwepo mwaimapo. Tonse tinamva."

"Ndinanena," anavomera a Zikhale. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu awo anatsika kuposa Lamulungu lija. "Iwe unanditengera buku m'manja, ine n'kukuthokoza."

Zelifa sanagwetse maso. "Eya, adadi. Ndinakunamizani. Ndipo ndikanapitiriza mpaka ankhoswe atatuluka pageti Loweruka. Ndinamuuza kuti akhale chete, ndinamuimbira katatu dzulo kuti asabwere. Wakana ndi iyeyu. Ngati mukufuna woiwala geti, yambani ndi ine."

"Zelifa," anatero mayi ake.

"Ndikungothandiza kuwerenga olakwa, amayi. Lamulungu munawerenga alendo okha."

Clifton anayang'ana wotchi yake, koma sanaimirire. Gladson anali akadanjuta, galasi lili m'manja, osadziwa poliika. A Zikhale analitenga, nalipukuta ndi mpango, n'kulilowetsa m'kathumba kake. Anatola sitampa ya ku Joni n'kuiika mu alubamu pafupi ndi zinzake zitatu. Anatseka alubamu, anatseka katalogi, anasanjika ziwirizo bwinobwino. Zonsezi anachita mosafulumira, anthu anayi akuwayang'ana.

"A Gladson, khalani pampando. Maondo amenewo mudzawafuna."

Gladson anakhala m'mphepete mwenimweni mwa sofa.

"Muwaimbire amalume anu lero lomwe. Loweruka asabwere. Amake Zelifa, nawenso uwauze alamu a ku Nathenje asavutike."

Zelifa anagwira nsana wa mpando. Mayi Bernadetta anayamba kusonkhanitsa makapu mwachangu, ngati munthu wofuna kubisa nkhope. Gladson anangoti, "Ndamva, bambo," n'kuyamba kudzuka.

"Sindinamalize," anatero a Zikhale. "Loweruka ndikupita ku Mchinji, kumene ndinamva kuti kuli munthu amene ali ndi 1B ina ya nambala pansi. A Clifton, mufike pano sikisi koloko m'mawa ndi galimoto yanu, mafuta ali odzadza. A Gladson, inu mukhala kumbuyo, munyamule bukuli ndi zovala za masiku awiri. Tipita atatu. Zelifa ndi amayi ake atsala."